Funsani Dokotala: Andiitana kukayezedwa autism ndili wamkulu kale, akandichita chiyani?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England. GP wanga (dokotala wa banja amene ndimayambira kupitako ndikadwala) anandipatsa pepala la mafunso khumi, ataona mayankho anga anati ndikayezedwe ngati ndili ndi autism. Kalata yondiitana inabwera koma ndasintha tsiku kawiri. Ndikuopa kuti akanditenga ngati wamisala ndipo kuntchito akamva andichotsa. Mayi anga kumudzi akuti sizingatheke chifukwa ndinali mwana wofatsa komanso wanzeru. Tulo sindikupeza, ndiye ndimamwa mapiritsi ogonetsa amene mnzanga amandigawira. Kodi kumeneko amayeza chiyani?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Autism si misala. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuchokera ali wakhanda, ndipo imaonekera pa kachezedwe ndi anthu, pa kufuna kuti zinthu zisamasinthesinthe, komanso pa mmene thupi limamvera phokoso, kuwala kapena fungo. Lipoti la kuyezako limapita kwa inu ndi kwa GP wanu. Abwana anu sauzidwa pokhapokha inu mutavomereza. Mukadzafuna kuwauza, lamulo la Equality Act 2010 limalamula olemba ntchito kusintha zimene angathe kuti ntchito ikuyendereni, monga kukulemberani malangizo papepala kapena kukudziwitsani msanga shifiti ikasintha.

Pepala la mafunso khumi lija limatchedwa AQ-10. Ntchito yake ndi kusefa chabe: amene wapeza 6 kapena kuposa amatumizidwa kukayezedwa mokwanira. Kumene mukupitako sakatenga magazi, sakajambula mutu, palibenso jakisoni. Kumakhala kukambirana ndi timasewero, nthawi zambiri pa maulendo awiri kapena atatu.

Mbali imene anthu amadabwa nayo kwambiri ndi mayeso oona kachezedwe ka munthu otchedwa ADOS-2. Akuluakulu olankhula bwinobwino amayezedwa ndi gawo lake lachinayi, lomwe limatenga mphindi 40 mpaka 60. Woyezayo angakupatseni buku la zithunzi kuti mupange nthano, angakupempheni kusonyeza ndi manja mmene mumatsukira mano, kapena kukuikirani tizinthu tingapo patebulo kuti mupeke nkhani. Kenako amafunsa za anzanu, za banja, za kusungulumwa ndi zimene zimakukwiyitsani. Musamve ngati akukuchepetsani. Iwo sakusamala kukoma kwa nthano yanu, akuona mmene mawu, nkhope ndi manja anu zimayendera limodzi, ndiponso ngati mumapatsana mpata polankhula. Palibe kukhoza kapena kulephera.

Chimene chimasokoneza zotsatira ndi kufika mutavala nkhope yakuntchito. Amayi ambiri anaphunzira kalekale kumwetulira pa nthawi yake, kuloweza mawu a moni ndi kutengera mmene anzawo amachitira. Mukachita zomwezo m'chipindamo, woyezayo adzaona munthu womasuka, osadziwa kuti mukafika kunyumba mumadzitsekera m'chipinda chifukwa chotopa. Choncho musapite kukaloweza mayankho pa YouTube. Nenani poyera zimene mumachita mokakamiza. Muwauzenso kuti kwathu kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi ulemu, chifukwa mayesowa anapangidwira kumene anthu amayang'anana m'maso, ndipo woyeza wosadziwa mwambo wathu angatanthauzire molakwa. Funso lothandiza ndi lakuti, kodi kuyang'ana m'maso kumakuvutani ngakhale ndi anthu a msinkhu wanu, kapena ndi ana amene?

Tsopano za mawu a mayi anu. Maganizo akuti mwana wofatsa ndi wanzeru sangakhale ndi autism ndi amene achititsa kuti anthu ambiri afike pa msinkhu wanu osadziwika. Autism imapezeka mwa anthu a nzeru zosiyanasiyana: ena salankhula ndipo amafunika chisamaliro moyo wonse, ena amakhoza sukulu, kukwatiwa ndi kugwira ntchito. Ambiri a gulu lachiwirili kale madokotala ankati ali ndi Asperger, koma kuyambira 2013 buku la madokotala la DSM-5 linawaphatikiza onse pa dzina limodzi. Mtsikana amene salowerera nkhani za akulu, amene amakhala yekha pakhonde ndipo sayendayenda, kwathu timamuyamikira kuti ndi woleredwa bwino. Palibe amene amapita naye kuchipatala. Kufatsa pakokha sikusonyeza autism, komanso sikutsimikiza kuti palibe. Mayi anu sakunama, akunena zimene anaona, ndipo musawauze ngati kuti analakwitsa kulera, chifukwa kaleredwe sikayambitsa autism.

Iwowo ndi mboni yofunika kwambiri, popeza zizindikiro ziyenera kukhala kuti zinayamba muli mwana. Zipatala zina zimagwiritsa ntchito ADI-R, mafunso 93 ofunsa kholo, omwe amatenga maola awiri kapena kuposerapo ndipo amakhazikika pa zaka 4 mpaka 5 za mwana. Funsani chipatalacho ngati angalankhule ndi mayi anu pa foni, ndipo mupemphe womasulira nthawi ikadalipo. Inu musanapite, musawafunse kuti "kodi ndinali bwino?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Afunseni zinthu zenizeni. Kodi ndinayamba kulankhula liti? Ndinkaloza ndi chala kukuonetsani chinthu chondisangalatsa? Ndinkasewera masanje ndi phada pamodzi ndi anzanga kapena ndinkangoonerera? Ndinkatseka makutu kuchigayo? Ndinkakana zakudya kapena zovala zina? Mkulu wanu kapena azakhali angakumbukire zimene mayi anaiwala. Khadi la kusikelo ndi malipoti a kupulayimale, ngati alipo, awajambule akutumizireni pa WhatsApp. Ngati palibe wokuchitirani umboni, kuyezako kumathekabe.

Malo ena amawonjezera mayeso a kaganizidwe monga WAIS-IV, a mphindi 60 mpaka 90: kusanja timabokosi tofiira ndi toyera motsatira chithunzi, kubwereza manambala chammbuyo, kufotokoza matanthauzo a mawu. Amenewa sapeza autism, amangosonyeza pamene muli ndi mphamvu ndi pamene mumachedwa. Mudzayankhanso mapepala ofunsa za nkhawa, kukhumudwa, ADHD (vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi) ndi zowawa zimene munakumana nazo, chifukwa zimenezi zimatha kufanana ndi autism kapena kubwera nayo limodzi. N'kutheka kuti akakuuzani kuti si autism koma china mwa izi, ndipo zimenezi zili ndi chithandizo chake.

Za mapiritsi a mnzanuwo, mayi, pamenepo simukuchita bwino. Mankhwala ogonetsa monga zopiclone kapena diazepam amazolowereka msanga m'thupi, amafoola kukumbukira, ndipo angakuchedwetseni pa mayeso ochita mothamanga ndi nthawi mpaka zotsatira kusonyeza zolakwika. Mukugwiranso ntchito yonyamula okalamba, yomwe imafuna mutu uli bwinobwino. Ngati mwakhala mukumwa usiku uliwonse kwa milungu ingapo, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa zingabweretse kunjenjemera, nkhawa yaikulu ngakhale kukomoka. Tengani paketiyo mupite nayo kwa GP sabata ino kuti akuchepetsereni pang'onopang'ono, ndipo musasakanize ndi mowa. Maganizo ofuna kudzipweteka akabwera, imbani 111, nambala ya thandizo la zaumoyo lamsanga, nthawi yomweyo, kapena 999 ngati moyo uli pangozi.

Tsikulo musalisinthenso. Anthu amadikira miyezi yambiri, ena zaka, kuti apeze malo amenewa, ndipo zipatala zambiri zimabweza kwa GP munthu amene wasintha kapena kujomba kangapo, n'kuyambiranso mzere. Imbani nambala ili pa kalatayo, funsani kuti kudzakhala anthu angati komanso maola angati, pemphani chipinda chopanda phokoso ndi nthawi yopuma. Musadzagwire shifiti ya usiku dzulo lake. Nyamulani magalasi anu ngati mumavala, mndandanda wa mankhwala onse kuphatikizapo a mnzanuwo, ndi pepala limene mwalembapo zitsanzo za zimene zimakuvutani kunyumba ndi kuntchito.