Chifukwa chake Reserve Bank singangotsitsa chiwongola dzanja

Mayi, mwafunsa kuti popeza Reserve Bank ili ndi nthambi pompano pa Mzuzu, ikulekeranji kulamula mabanki kuti atsitse chiwongola dzanja, kuti inu okaoda katundu ku Tanzania muzitha kutenga ngongole. Nthambi imeneyi sikongoza munthu, ndipo simungakatsegulireko akaunti. Ntchito yake yaikulu ndi kusunga makwacha, kuwagawa kumabanki a kumpoto kuno ndi kulandira ndalama zong'ambika. Za chiwongola dzanja zimagamulidwa ndi komiti ya akuluakulu a bankiyi, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe.

Komitiyi imaika mlingo woti mabanki aziyendera, kenako banki yanu imawonjezapo zake. Mu February 2024 mlingowu anaukweza kufika pa 26 peresenti, nthawi yomwe mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa pa chaka. Munthu wokongoza ndalama pa 15 peresenti pomwe chimanga ndi sopo zikukwera kawiri kuposa pamenepo ndiye kuti akungogawa chuma chake. Mbali imeneyi Reserve Bank sindiyiimba mlandu.

Pomwe pagona nkhani ndi pa boma. Misonkho ikapanda kukwana, boma limabwereka kumabanki omwewa kudzera m'ma Treasury bill (zikalata za ngongole ya boma ya nthawi yochepa), pa chiwongola dzanja chonona. Ndiye taganizani muli bwana wa banki. Mbali ino kuli boma, lomwe silingasamuke usiku osatsanzika. Mbali inayi kuli mayi wa pa msika wa Taifa, chikole chake ndi firiji, ndipo katundu wake akhoza kugwidwa pa Songwe. Mupatsa ndani? N'chifukwa chake mabanki amalengeza phindu lochuluka chaka ndi chaka pomwe abizinesi ang'onoang'ono akuthawira ku banki mkhonde ndi katapila. Reserve Bank itati itsitse mlingo mawa boma likubwerekabe chomwecho, ndalama zingochuluka m'manja katundu ali yemweyo, ndipo dola ya pamsika wamseri ikwera musanafike n'komwe ku Karonga.

Za dola mukuzidziwa kuposa ine. Timagula kunja mafuta, feteleza ndi mankhwala, koma madola ambiri timadikira a fodya, amene amabwera pa nyengo yake yokha. Kwacha inagwetsedwa mu May 2012, kenako ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Ulendo uliwonse ankati tsopano mtengo wa kubanki ufanana ndi wa mumsewu. Mwaona nokha kuti wa mumsewu unangothamangira kutsogolo.

Wina wati vuto ndi gavanala, mkulu wa Reserve Bank, angomuchotsa. Takhala tikuchotsa. Joyce Banda atalowa mu 2012, Perks Ligoya anachoka, analowa Charles Chuka. Dalitso Kabambe anabwera mu 2017, koma boma litasintha mu 2020 anamuchotsa n'kuika Wilson Banda, yemwe naye analowedwa m'malo ndi MacDonald Mafuta Mwale mu January 2025. Onsewa ndi anthu ophunzira za chuma, sukulu sinawavute. Koma gavanala amasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo akadziwa kuti mpando wake umagwedezeka ndi zisankho, kukaniza nduna ya zachuma kubwereka kumafuna mtima wina. M'dziko laling'ono ngati lathu n'zovuta kwambiri, chifukwa woyang'anira mabanki ndi oyang'aniridwa ambiri anagwirira limodzi ntchito, ndipo amakumana pamaliro ndi paukwati.

Pomwe Reserve Bank ingakuthandizeni inuyo mwachindunji ndi apa. Malinga ndi lamulo la 2010 loyendetsera mabungwe a zachuma, gavanala ndiyenso mlembi woyang'anira mabanki, makampani a inshulansi, a penshoni, ma SACCO ndi mabungwe okongoza ndalama zing'onozing'ono. Akakudulani ndalama zomwe sanakuuzeni posaina ngongole, lembani dandaulo ku banki yanuyo kaye, sungani kalatayo ndi sitetimenti, ndipo akapanda kuyankha zomveka mutengere nkhaniyo ku Reserve Bank.