Mpendero wa veleveti pa chofunda cha zigamba

Mayi ena andilembera imelo sabata ino. Amaliza kulumikiza chofunda cha zigamba za thonje, ndipo akufuna kuchipendera ndi veleveti yofiira imene inatsala atasoka diresi. Akufunsa ngati zingatheke.

Zingatheke, mayi, koma mtima wanga sukuvomera. Pa chofunda chilichonse, mpendero ndiwo umayamba kutha, chifukwa ndi pomwe manja amakoka usiku uliwonse, ndi pomwe pamakhula pansi. Ndiye pamafunika nsalu yopirira. Ine ndimasankha thonje lolukidwa mothina, n'kulidula mizere ya mainchesi 2.5 m'lifupi, n'kuipinda pawiri. Ngati ngodya za chofunda zili zozungulira, dulani mopingasa pa madigiri 45 kuti nsalu izitamuka pokhota. Muyambe mwaichapa kaye, thonje limafupika, ndipo lofiira limakonda kutulutsa utoto.

Tsono veleveti. Kukongola kwake kuli pa ubweya, mavuto akenso ali pomwepo. Isisiteni ndi dzanja, muona kuti mbali ina ikusalala, mbali ina ikukana. Mizere ikalumikizidwa ubweya utayang'ana kosiyana, mpendero umaoneka wa mitundu iwiri, kwina kowala, kwina koderapo. Pa makina imaterereka ngati yamoyo: mwayamba bwinobwino, pofika kumapeto ya pamwamba yapitirira ya pansi. Mukaipinda pawiri imanenepa, ngodya n'kukhala chibulunga choti singano imathyoka. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mukalakwitsa n'kuphwasula, mabala a singano amatsala. Ndinatayapo nsalu yabwino chifukwa cha zimenezi, mpaka lero ndimaikumbukira.

Ngati mtima wanu uli pa veleveti basi, funani ya thonje ya ubweya waufupi, imamvera kuposa ya silika. Musaipinde pawiri. Gwirizani kaye ndi ulusi pamanja musanapite ku makina, mapini okha sakwanira. Talikitsani mpata wa pakati pa mabowo a singano kufika mamilimita 3, sokani motsatira ubweya, ndipo ngati makina anu ali ndi phazi loyenda limene limakoka nsalu pamwamba ndi pansi, ino ndiyo nthawi yake. Simbi isaponde ubweya. Yalani veleveti chafufumimba pa thaulo, muisite ndi nthunzi yokha.

Yofiira yanuyo, bwanji osaiika ngati zigamba zingapo pakati pa chofunda china chimene sichichapidwa kawirikawiri? Kumeneko ingawale zaka zambiri.