Ngumbi n'zonona, nanga bwanji siziuluka patali?

Mayi ena a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, anditumizira imelo. Akuti mvula yoyamba ikagwa amakazinga ngumbi osathirako mafuta, poti zili ndi akeake. Ndiye akufunsa kuti bwanji zimangouluka pang'ono n'kugwa, chonsecho dzombe limaoloka mayiko.

Mayi, funso lanu landikondweretsa kwambiri. Kachilombo kouluka kamasunga chakudya cha mitundu iwiri m'mimba mwake, shuga ndi mafuta. Shuga amene amayenda m'magazi ake amatchedwa trehalose, ndipo amayaka msanga ngati mapesi, pamene mafuta ali ngati makala, ochedwa kugwira koma okhalitsa. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu yoposa kawiri ya galamu ya shuga.

Dzombe likanyamuka limayamba ndi shuga. Lisanathe theka la ola m'mwamba, thupi limatulutsa timadzi totchedwa AKH, tomwe timatsegula nkhokwe ya mafuta, ndipo kuyambira pamenepo likhoza kuuluka maola ambiri osatera. Njuchi zilibe mwayi umenewu. Zimakupiza mapiko pafupifupi maulendo 230 pa sekondi, koma zimadalira shuga basi. N'chifukwa chake njuchi yolefuka pansi imadzukanso mukaipatsa kadontho ka madzi a shuga.

Kashembe ndiye amandichititsa chidwi koposa, mwina chifukwa nkhani yake inatulukira kuno kwathu ku Zimbabwe. M'chaka cha 1963, Einar Bursell, yemwe ankafufuza pa koleji ya ku Mount Pleasant imene lero ndi University of Zimbabwe, anaonetsa kuti ntchentche imeneyi imauluka ndi proline, kachidutswa kena ka mapuloteni. Proline amatha m'mphindi zochepa chabe, choncho kashembe amatera pamthunzi n'kudikira kuti thupi limupangire wina kuchokera ku mafuta. Ana athu ambiri amadutsa pa geti la yunivesite ija osadziwa zimenezi, ndipo ine zimandikhudza.

Tsono ngumbi zanu, mayi. Mafuta ambiri amene mumawaona mu chiwaya si a paulendo ayi. Ngumbi ikatera imathothola mapiko, yaimuna n'kutsatira yaikazi, ndipo ziwirizo zimadzikwirira m'nthaka. Sizitulukanso kukafuna chakudya. Yaikazi imaikira mazira, ndipo ana oyamba amaleredwa ndi zimene makolo anatuluka nazo m'chulu chakale, mpaka atakula n'kuyamba kusakira chakudya chulu chatsopano.