Wabwera ku atachimenti sakugona tulo, kodi asinthe kosi?

Funso lachokera kwa mayi wina amene mwana wawo wamkazi akupanga social work chaka chachitatu. Akuti chibwerereni ku atachimenti sakugona bwino, sachedwa kupsa mtima, ndipo wayamba kukamba zosiya sukulu. Chomwe chikumudya mtima ndi tsiku lina lomwe anamupatsa fomu kuti alembe nkhani ya kamtsikana kogwiriridwa, iye nkumafunsa funso lililonse mwandondomeko, kamwanako kanangouma gwa kenako nkuyamba kunjenjemera. Ndiye mayiwa akuti asinthe kosi?

Mayi, musathamangire zosintha. Mwana wanuyo anatumidwa ntchito yovuta asanapatsidwe luso lake, ndipo kupwetekedwa mtima kwakeko kukusonyeza kuti anaona kuti china chake chalakwika, zomwe ena atha zaka pantchito osazindikira.

Munthu amene wadutsa mu zoopsa ukamukumbutsa, thupi lake limachita ngati zija zikuchitikanso pompano, mtima kugunda, kukamwa kuuma, mawu osatuluka, nthawi zina nkhani imatuluka yosokonekera, zoyamba kumapeto zomaliza koyamba, ndiye wosadziwa amati mwanayu akunama kapena ndi wamwano. Apa ndi pomwe pamalowera trauma-informed practice, kutanthauza kuthandiza munthu moganizira zoopsa zomwe wadutsamo. Bungwe la boma la America la SAMHSA linazilemba bwino mu 2014, linati wothandiza adziwe kuti zoopsa zagwera anthu ambiri, azindikire zizindikiro zake, asinthe kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo asamuvulazenso munthuyo. Kwa ine chomalizachi ndiye nkhani yonse. Ndipo kuno ku Malawi si zachilendo ayi, kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu, mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Onjezerani omwe anataya abale pa Namondwe Freddy mu 2023 ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe.

Tsono iwe mwana wasukulu, ulendo wina fomu uyambe waiika kaye pansi. Utchule dzina lako ndi ntchito yako, umufunse mwanayo ngati akufuna kukhala ndi munthu amene amamudalira, ndipo usangoganiza kuti ndi amene wamubweretsayo chifukwa mwina ndi yemweyo akumuopa. Asankhe yekha pokhala, ena amafuna aziona chitseko. Umuuze kuti akatopa mutha kupumira. Mafunso oti bwanji sunakuwe, unkatani kumeneko usiku, asatuluke pakamwa pako olo pang'ono, mwana amamva kuti mlandu ndi wake. Komanso usamulonjeze kuti suuza aliyense pomwe ukudziwa kuti nkhaniyo ipita kwa supavaiza wako ndi ku Victim Support Unit ya apolisi, muuze chilungamo kuti uuza ndani komanso chifukwa chake, popeza munthu yemwe ananamizidwapo ndi wamkulu ukamunamizanso basi watseka pakamwa. Nkhani yonse sikuyenera kutuluka lero, chofulumira ndi chipatala, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Nchifukwa chake kunabwera ma One Stop Centre ngati ya ku Queens ku Blantyre, kuti achipatala, apolisi ndi a social welfare apezeke malo amodzi mwana asamabwereze nkhani yomweyo ofesi ndi ofesi.

Ma lekichala nawonso ndiwapemphe, izi zisamadikire chaka chomaliza, ophunzira aziyeserera mkalasi asanapite ku field. Koma musamawauze kuti aliyense afotokoze zoopsa zomwe anakumana nazo kuti ena aphunzirepo, mkalasi momwemo muli ena amene nkhani ya kamtsikana kaja ndi yawo yomwe. Muziwachenjezeratu za phunziro la mawa, ndipo wofuna kutuluka atuluke osafunsidwa chifukwa.

Za kusagona tuloko, mayi, zimachitika kwa amene amamva zowawa za ena tsiku ndi tsiku, manesi ndi apolisi zimawagwiranso. Akakambe ndi supavaiza wake wa kusukulu, ndi udindo wake kumumvera. Zikapitirira masabata angapo, kapena wasiya kudya, kapena akukamba zotopa ndi moyo, musadikire, apite kwa khansala kapena kuchipatala, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza za maganizo. Kunyumba musamuumirize kuti akuuzeni za kamwana kaja, ndi chinsinsi cha ntchito ndipo akakana akuchita bwino, mufunseni za iye mwini, wagona bwanji, wadya chiyani. Ngati atathandizidwa adzanenabe kuti ntchito ya ana ogwiriridwa sangaithe, social work ndi yotakata, kuli za chitukuko cha m'madera, za okalamba, za anthu aulumali, za mtukula pakhomo, digiri yake ndi yomweyo.