Kaputeni atatsekeredwa panja: n'chifukwa chiyani chitseko cha oyendetsa ndege chilibe kiyi wapadera?

Mayi wina amene amakwera ndege kawirikawiri pakati pa Lilongwe ndi Johannesburg watumiza imelo. Akuti anawerenga za ndege ya kampani ya ku Germany ya Germanwings imene wothandizira kaputeni anaigwetsa dala m'mapiri atadzitsekera m'chipinda choyendetsera. Akufunsa kuti: "Zingatheke bwanji kaputeni wathunthu kulephera kulowa m'chipinda chake chomwe? Bwanji osam'patsa kiyi kapena nambala imene wina aliyense sangaikanize? Nanga pano zinakonzedwa?"

Zikomo mayi. Chitseko chija sichinawonongeke, chinachita ndendende ntchito imene anachipangira. Khola lolimba limateteza mbuzi kwa fisi wochokera kuthengo, koma fisi akakhala kuti ali kale mkati, khola lomwelo ndi limene limam'tsekereza mwini mbuzi panja.

Chaka cha 2001 chisanafike, zitseko zimenezi zinali zopepuka moti munthu wamphamvu akanatha kuchithyola ndi phewa. Pa 11 Seputembala chaka chimenecho zigawenga zinalanda ndege 4 ku America polowa m'zipinda za oyendetsa. Bungwe loona za ndege la dzikolo, FAA, linalamula kuti pofika mu Epulo 2003 ndege zonyamula anthu zikhale ndi zitseko zolimbitsidwa, ndipo bungwe la dziko lonse la ICAO linaika tsiku la 1 Novembala 2003 kwa ndege zolemera kuposa makilogalamu 45,500 kapena zonyamula anthu oposa 60. Chitsekocho chiyenera kupirira chipolopolo cha mfuti yam'manja, zidutswa za bomba laling'ono, kumenyedwa mwamphamvu, komanso kukokedwa pachogwirira ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu oposa 110. Munthu wa manja okha sangachitsegule.

Tione mmene chimagwirira ntchito pa Airbus A320, mtundu wa ndege imene inagwa ija. Chitseko chili ndi mipiringidzo 3 yoyendera magetsi, pamwamba, pakati ndi pansi. Kunja kwake kuli kabokosi ka mabatani a manambala. Mkati, pakati pa mipando ya oyendetsa awiri, pali switchi ya malo atatu: UNLOCK, NORM ndi LOCK. Nthawi zonse imakhala pa NORM, chitseko chili chokhoma.

Munthu akafuna kulowa amadina batani lopempha, ndipo mkati mumalira belu kamphindi kochepa. Woyendetsa amayang'ana pa kamera kuti aone amene waima pakhomo ndi amene ali kumbuyo kwake, kenako amakankhira switchi ku UNLOCK. Palinso nambala ya pangozi imene ogwira ntchito m'ndege amaidziwa. Imeneyi anaiika poganizira tsiku limene oyendetsa angakomoke. Ikadinidwa, belu limalira osaleka kwa nthawi imene kampani inasankha, pakati pa masekondi 15 ndi 120, ndipo ngati mkati palibe wochitapo kanthu, loko amatseguka yekha kwa masekondi 5. Koma ngati wina mkatimo ali maso ndipo wakankhira switchi ku LOCK, nambalayo imafa, mabatani akunja amasiya kugwira ntchito kwa mphindi zosachepera 5, pena mpaka 20, ndipo nthawiyo ikatha akhoza kubwerezanso. Ndege za Boeing zili ndi dongosolo lofanana, kungoti mawu ake ndi UNLKD, AUTO ndi DENY. Loko amamasukanso yekha magetsi ake akaduka, kapena mpweya wa m'chipindamo ukathawa mwadzidzidzi.

Ndiye mwaona kuti nambala imene mukufunsayo ilipo, koma mawu omaliza ali ndi wa mkati. Anachita dala. Tangoganizani chigawenga chagwira mtsikana wosamalira anthu m'ndege, chamuika mpeni pakhosi n'kumuuza kuti atchule nambala. Aitchula, ndipo palibe angamudzudzule. Kaputeni amene watuluka kupita kuchimbudzi naye ndi munthu, akhoza kugwidwa chimodzimodzi, kiyi wakeyo n'kulandidwa. Chilichonse chimene chingalowetse kaputeni popanda chilolezo cha wa mkati chingalowetsenso amene wagwira kaputeniyo. Ngakhale chala kapena diso la munthu pa makina ozindikira sizithetsa vutoli, poti chalacho chili pa munthu amene angakokedwe mpaka pakhomo.

Palinso mbali ina imene anthu amaiwala: nthawi zina amene ali panja ndiye woopsa. Pa 27 Malichi 2012, kaputeni wa ndege ya JetBlue yochokera ku New York kupita ku Las Vegas anasokonezeka mutu ali m'mlengalenga. Atatuluka m'chipinda, womuthandizira anam'khomera panja, anthu okwera anamugwira, ndipo ndege inatera bwinobwino ku Amarillo. Akanakhala ndi kiyi wosakanizika uja, nkhani ikanatha mwanjira ina.

Tsopano za Germanwings. Pa 24 Malichi 2015 ndegeyo inanyamuka ku Barcelona kupita ku Düsseldorf ndi anthu 150. Itafika pamtunda wa mapazi 38,000, omwe ndi pafupifupi mamita 11,600, kaputeni anatuluka. Wothandizira wake, Andreas Lubitz, wazaka 27, anapotokola kabatani kouza autopilot (makina oyendetsa ndege okha) msinkhu woulukira, kuchoka pa 38,000 kufika pa 100, kenako anawonjezera liwiro. Pa makina ojambula mawu mukumveka belu lopempha kulowa, foni ya m'ndege ikulira, kugogoda, kenako kumenya chitseko mwamphamvu. Olondolera ndege a ku Marseille anaitana maulendo 11 osayankhidwa. Mukumvekanso kupuma kwa Lubitz mpaka kumapeto. Patatha mphindi pafupifupi 11 kaputeni atatuluka, ndege inawomba phiri m'dera la Alps ku France ndipo palibe anapulumuka. Bungwe lofufuza ngozi za ndege la France, BEA, linapezanso kuti m'mawa womwewo, pa ulendo wopita ku Barcelona, Lubitz atatsala yekha anayesera kuika 100 yemweyo kangapo n'kubwezeretsa.

Mwina mungadabwe kuti kompyuta ya ndege inavomera bwanji. Kompyuta ya A320 imaletsa woyendetsa kupendeketsa ndege mopitirira muyezo kapena kuiulutsa pang'onopang'ono mpaka kulephera kuuluka, koma kutsika si cholakwa kwa iyo, ndege iliyonse imayenera kutsika. Makina oona kuti nthaka yayandikira amangokuwa kuchenjeza. Sagwira chiwongolero.

Ife a kuno sitifunika kupita ku Ulaya kuti tione zoterezi, zinachitikira anansi athu miyezi 16 m'mbuyo mwake. Pa 29 Novembala 2013 ndege ya LAM ya ku Mozambique, ya mtundu wa Embraer 190, inanyamuka ku Maputo kupita ku Luanda ndi anthu 33. Wothandizira atapita kuchimbudzi, kaputeni Herminio dos Santos Fernandes anakhoma chitseko, anasintha msinkhu katatu mpaka kufika pa mapazi 592, omwe ndi pansi pa nthaka ya dera lija, ndipo ndege inagwera m'nkhalango ya Bwabwata ku Namibia. Kumenya chitseko kukumveka pa makina ojambula mawu. Pa 17 Febuluwale 2014, wothandizira kaputeni wa ndege ya Ethiopian Airlines yopita ku Rome naye anakhomera kaputeni panja, koma iye anakaiteretsa ku Geneva n'kupempha malo othawirako. Kunena mosabisa, phunziro linalipo kale, kungoti ngozi za mu Africa sizigwedeza opanga malamulo ngati mmene zimachitira za ku Ulaya.

Mwafunsa ngati zinakonzedwa. Chitseko sichinasinthidwe. Chimene chinasintha kaye ndi lamulo la anthu awiri: woyendetsa mmodzi akatuluka, wogwira ntchito m'ndege azilowa kukadikira. Ku America lamuloli linalipo kale ndipo lilipobe. Ku Ulaya bungwe loona za chitetezo cha ndege la EASA linalimbikitsa zimenezi patangopita masiku 3 ngozi itachitika, koma mu 2016 linasiyira kampani iliyonse kuti iziunika yokha, ndipo mu 2017 makampani a ku Germany analisiya. Zifukwa zawo: chitseko chimatsegulidwa kawirikawiri ndiponso nthawi yaitali, ndipo anthu ololedwa kulowa m'chipindamo amachuluka.

Anthu ambiri samvetsa ntchito ya munthu wachiwiriyo. Sanaphunzire kuyendetsa ndege, ndipo sanaikidwemo kuti alimbane ndi woyendetsa. Ntchito yake ndi kutsegula chitseko ndi dzanja kuchokera mkati, basi. Kuona kwanga, pa ngozi za Germanwings ndi LAM zimenezi zikanathandiza, chifukwa onse awiri anadikira kutsala okha. Phindu lina linaoneka pa 17 Febuluwale 2024, pamene wothandizira kaputeni wa ndege ya Lufthansa yochokera ku Frankfurt kupita ku Seville anakomoka ali yekha. Ndege inayenda pa autopilot pafupifupi mphindi 10 popanda woiyang'anira, kaputeni akudina mabatani panja osayankhidwa mpaka anagwiritsa ntchito nambala ya pangozi. Inakatera ku Madrid. Mukanakhala munthu wachiwiri, chitseko chikanatsegulidwa nthawi yomweyo.

Koma lamuloli si mankhwala a zonse. Mu 1982 kaputeni wa Japan Airlines anagwetsera ndege m'madzi pafupi ndi bwalo la Haneda anzake awiri ali pomwepo, anthu 24 anafa. Mu 1994 ndege ya Royal Air Maroc inagwa pafupi ndi Agadir oyendetsa onse awiri ali pamipando yawo, anafa anthu 44. Ndege ikakhala pafupi ndi nthaka, masekondi ochepa amakwana. Ku America kumene analimbikira ndi mbali ina: mu 2023 FAA inalamula kuti ndege zatsopano zizikhala ndi chotchinga chachiwiri kutsogolo kwa chitseko, chotsekedwa woyendetsa akamatuluka. Chimenechonso n'cha mdani wakunja.

N'chifukwa chake lipoti la BEA la mu Malichi 2016 silinalimbikitse kusintha chitseko, linaloza ku nkhani ya umoyo. Lubitz anadwalapo kwambiri matenda ovutika maganizo mu 2008 ndi 2009 ali pa maphunziro, ndipo chiphaso chake cha zaumoyo chinali ndi mfundo yoti chidzatha mphamvu matendawo akadzayambiranso. Anayambiranso. Masabata awiri ngozi isanachitike, dokotala wina anam'langiza kuti akalandire chithandizo kuchipatala cha matenda a maganizo. Ena mwa makalata omupumitsa ntchito a masiku amenewo sanafike kwa mabwana ake, ndipo madokotala sanauze aliyense poopa malamulo a ku Germany osunga chinsinsi cha wodwala. Woyendetsa ndege amadziwa kuti akaulula akhoza kutaya laisensi, malipiro ndi ndalama zonse zimene anaononga pa sukulu, choncho amabisa. Malamulo a ku Ulaya a mu 2018, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021, amafuna kuti woyendetsa aunikidwe maganizo asanayambe ntchito pakampani, kuti pakhale kuyeza mowa mwadzidzidzi, komanso kuti pakhale njira yachinsinsi yoti wovutika alankhule ndi oyendetsa anzake n'kuthandizidwa popanda kuchotsedwa ntchito. Chomalizachi ndicho chofunika kwambiri. Anthu ochuluka zedi odwala matendawa saopseza munthu aliyense, ndipo kuwalanga kumangowachititsa kubisala.

Chenjezo limodzi mukamawerenga nkhani za ngozi: musafulumire kukhulupirira kuti woyendetsa anachita dala. Pa Germanwings ndi LAM umboni unachokera m'mabokosi ojambula zochitika m'ndege, ma black box onse awiri, la mawu ndi la kayendedwe ka ndege, ndipo unagwirizana. Pa ndege ya EgyptAir imene inagwera m'nyanja mu 1999 n'kupha anthu 217, ofufuza a ku America analoza wothandizira kaputeni pamene a ku Egypt analoza kuwonongeka kwa zipangizo zakumchira. Pa ndege ya Malaysia Airlines imene inasowa mu 2014 ndi anthu 239, ma black box sanapezeke, choncho zonse zonenedwa za kaputeni wake ndi zongoganizira.

Ulendo wotsatira mukakhala mipando yakutsogolo, muone zimene zimachitika woyendetsa akafuna kutuluka. Amayamba waimba foni, wogwira ntchito amaima potsekereza njira, pena ndi kangolo ka zakudya, ndipo makampani ena wina amalowa m'chipindamo chitseko chisanatsekedwe. Akakupemphani kuti mudikire kaye musanapite kuchimbudzi chakutsogolo, chifukwa chake n'chimenecho.