Kodi maufulu angochotsedwa chifukwa cha mbava?

Bambo wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo mtima uli m'mwamba. Akuti mnyamata yemwe anamubera njinga ya kabaza anagwidwa Lolemba, koma pofika Lachinayi n'kuti akuyendayenda pa Mpondabwino. Ndiye akufunsa kuti: "Maufuluwa akungoteteza mbava. Aphungu osangowachotsa bwanji?"

Pepani bambo ndi za njingayo. Simuli nokha, mawu amenewa timawamva m'minibasi, pamaliro ndi pa wailesi.

Aphungu paokha sangathe. Maufulu ali mu Mutu 4 wa malamulo aakulu a dziko lino a 1994, ndipo gawo 196 limati kusintha zenizeni za mutuwu kumafuna riferendamu. Ovotawo tingakhale ife tomwe.

Chakukwiyitsani kwenikweni ndi gawo 42, lomwe limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo atha kutuluka pa belo. Ife a ku Zomba sitiyenera kuiwala komwe lamuloli linachokera. M'nthawi ya chipani chimodzi, anthu ankakhala zaka m'ndende ya Mikuyu popanda kuonana ndi woweruza, ena chifukwa choti mnzawo wakuntchito wawanenera zabodza. A Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo, anaweruzidwa ndi khoti la mafumu lomwe silinkalola maloya, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mukachotsa maola 48 aja, simunachotsere wakuba yekha. Mawa woyendetsa kabaza mnzanu akakunamizirani, mudzagona m'chitokosi mpaka wapolisi adzakukumbukireni.

Komanso belo si kuwina mlandu. Lamulo la belo la 2000 limalola khoti kukana ngati woganiziridwayo angathawe kapena kuopseza mboni, ndipo limeneli aphungu angalikhwimitse popanda riferendamu. Apa ndiye ndingagwirizane nanu. Ine chimandinyansa n'choti woberedwa nthawi zambiri sauzidwa kanthu. Amangoona wakuba ali panja, tsiku la mlandu salidziwa, sapita kukachitira umboni, mlandu n'kuzilala. Anthu akatopa ndi zotere ndi pomwe amathamangira tayala ndi petulo, ndipo nthawi zina wotenthedwayo amakhala wosalakwa.

Pitani kupolisi komwe munakadandaula, mukafunse wofufuza mlandu wanu nambala ya fayilo ndi tsiku lakukhoti. Mnyamatayo akamakuopsezani, kawauzeni oimira boma pamilandu. Khoti lili ndi mphamvu yomulanda beloyo.