Kodi ndimulole mwana wanga alowe mpikisano wa ziphadzuwa?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo yokhudza mwana wake wamkazi wa zaka 21, yemwe ali m'chaka chomaliza ku koleji ndipo akufuna kulowa mpikisano wa ziphadzuwa umene udzaonetsedwenso pa wailesi yakanema. Bambo a mwanayo akana kwamtuwagalu ponena kuti mipikisano yotere imaononga khalidwe, koma mayiyu mtima uli pawiri, ndipo akufunsa kuti ana amene amalowa m'mipikisano imeneyi amatulukamo ali otani.

Amayi, nkhawa ya abambowo si yachilendo. Mu 2003, chaka choyamba cha Big Brother Africa, mpikisano wa pa kanema umene achinyamata amakhala m'nyumba imodzi makamera akuwajambula, aphungu a Nyumba ya Malamulo analetsa wailesi yakanema ya boma ya TVM kuonetsa pulogalamuyi ponena kuti ikuononga chikhalidwe, mpaka Bwalo Lalikulu la milandu linachotsa chiletsocho. Komatu mkangano umenewo unali wofuna kuteteza oonera, osati achinyamata 12 amene analowa m'nyumba ija ku Johannesburg pa mpikisano wa masiku 106. Inuyo mwafunsa za opikisanawo, ndipo maganizo anga ndi akuti chimene chimawapweteka kwambiri si kugonja kapena zovala zimene amavala. Chimawapweteka n'chakuti mbiri yawo imachoka m'manja mwawo, ndipo mpikisano ukatha amasiyidwa okha kuti alimbane nayo.

Mbiri imachoka bwanji m'manja mwa mwini wake? Makamera amajambula munthu tsiku lonse, koma anthu ambiri amaonera chidule cha mphindi zochepa chimene okonza pulogalamu asankha. Okonzawo akufuna oonera ambiri, ndiye amasankha pamene mtsikana walira, pamene wayankha mnzake mwamwano, kapena pamene wapunthwa poyankha funso la oweruza. Maola onse amene anakhala chete akusita diresi yake kapena kuthandiza mnzake kumanga tsitsi saoneka. Kachidutswa kameneko kakafika pa Facebook ndi pa TikTok sikafafanizikanso, ndipo mwanayo amadzuka m'mawa n'kupeza foni yadzaza ndi mauthenga a anthu osawadziwa onena za mano ake, khungu lake, Chingerezi chake, ngakhale za makolo ake. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma pano tikunena za mwana amene dzulo lomweli ankadziwika ndi anzake a m'kalasi okha.

Nkhani ya Chidimma Adetshina ikuonetsa kuti nkhonyazo sizithera pa mwana yekha. Mtsikanayu anabadwira ku Soweto, bambo ake ndi a ku Nigeria, ndipo mu 2024 anafika m'ndime yomaliza ya Miss South Africa. Anthu pa intaneti anayamba kumunena kuti si nzika ya dzikolo, boma linalengeza kuti likufufuza zikalata za mayi ake, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anatuluka mu mpikisanowo ponena kuti akuopera chitetezo chake ndi cha banja lake. N'zoona kuti pambuyo pake anapambana Miss Universe Nigeria n'kukhala wachiwiri pa Miss Universe ku Mexico City, koma si mwana aliyense amene ali ndi dziko lina lomulandira zinthu zikavuta.

Nthawi yoopsa kwambiri imabwera makamera akazimitsidwa. Ku Britain, Sophie Gradon, yemwe anali Miss Great Britain mu 2009 kenako n'kulowa pulogalamu ya Love Island, anadzipha mu 2018, ndipo Mike Thalassitis, yemwe analowanso pulogalamu yomweyo, anadzipha mu 2019. Sindikunena kuti pulogalamuyo ndi imene inawapha, chifukwa imfa yotere siibwera ndi chifukwa chimodzi, ndipo kungakhale kulakwira omwalirawo kufupikitsa moyo wawo kukhala nkhani ya pa kanema. Koma zimene zinachitika pambuyo pake zikutiuza zambiri. Kampani ya ITV, yomwe imaonetsa Love Island, inalonjeza kupereka uphungu wa zamaganizo kosachepera kasanu ndi katatu kwa aliyense wotuluka m'pulogalamuyo komanso kumamuyendera kwa miyezi 14, ndipo mu 2021 bungwe la Ofcom, loyang'anira mawailesi m'dzikomo, linakhwimitsa malamulo oteteza anthu otenga nawo mbali m'mapulogalamu. Ngati eni mapulogalamu eniakewo anavomereza kuti munthu wotuluka mu mpikisano amafunika womuyang'anira kwa nthawi yoposa chaka, ifeyo tisamaganize kuti mwana adzangobwera kunyumba n'kupitiriza moyo ngati wachokera kumsika.

Ngakhale chisoti chaufumu sichiteteza munthu. Mu Meyi 2024, Noelia Voigt anatula pansi udindo wa Miss USA ponena kuti akufuna kusamalira thanzi lake la maganizo. Wopambana amakhala kazembe wa mpikisanowo kwa chaka chathunthu, amapita kumene wauzidwa ndipo amalankhula zimene walolezedwa, kenako chaka chikatha amaveka wina chisoticho n'kubwerera kumene anali, ali ndi dzina lalikulu koma nthawi zambiri alibe ntchito.

Za ndalama nazo musazione mopepuka, chifukwa n'zimene zimayambanitsa mabanja. Madiresi, nsapato, tsitsi, wojambula zithunzi ndi thiransipoti yopita kokonzekera kawirikawiri zimatuluka m'thumba la banja, ndipo m'mipikisano yambiri masiku ano voti ndi yogula pa foni. Amalume ndi azakhali akaponya ndalama zawo kenako mwana n'kugonja, iye amadzimva ngati ali ndi ngongole kwa mtundu wonse.

Ndingakhale wachinyengo nditanena kuti palibe chabwino. Cherise Makubale wa ku Zambia anatuluka mu Big Brother Africa yoyamba ija ndi madola 100,000, Hazel Warren wa kwathu kuno anafika pa nambala yachiwiri mu Big Brother Africa ya 2008, ndipo Zozibini Tunzi wa ku South Africa anapambana Miss Universe mu 2019 ali ndi tsitsi lake lachibadwa lalifupi, zomwe zinalimbitsa mtima atsikana ambiri akuda. Ngakhale ogonja amaphunzira kuima pamaso pa khamu n'kulankhula mosanjenjemera, luso limene lidzawathandize pofunsira ntchito. Mmene ndimaonera, amene amapindula ndi aja amene analowa ali kale ndi chochita chawo, kaya sukulu, nyimbo kapena bizinesi, moti mpikisano unangowonjezera pa chimene chinalipo.

Ndiye yankho langa, amayi, ndi lakuti mwana wa zaka 21 ndi wamkulu, ndipo mukamuletsa akhoza kulowa mobisa, n'kusowa womuuza mavuto akadzabwera. Ndi bwino mukhale naye pansi pamodzi ndi abambo ake, muitanitse chikalata cha mgwirizano asanasaine, ndipo muchiwerenge ndi munthu wodziwa malamulo. Muone kuti zithunzi ndi mavidiyo ake adzakhala a ndani komanso kwa zaka zingati, ngati angathe kutuluka pakati pa mpikisano osalipitsidwa, ndiponso ngati mphoto yalembedwa momveka bwino pamodzi ndi tsiku loiperekera. Mufunse kuti atsikanawo azidzagona kuti, ndani adzawayang'anire akamapita kukakumana ndi makampani othandiza mpikisano, ndipo akadzakumana ndi zosayenera akadandaule kwa ndani. Muyesetse kupeza mtsikana amene anagonja chaka chatha, osati wopambana, mumve mmene anamusamalira. Pa masabata a mpikisanowo, masamba ake a pa intaneti awagwire mchemwali wake kapena mnzake wodalirika, ndipo ngati masiku a mpikisano akugundana ndi mayeso omaliza, amalize kaye mayesowo, adzalowe chaka chamawa.